Nsapato za Asiatu

Chaka chachitatu cha Chitaganya, makalata a mwamuna wa Asiya ochokera ku Halale anasiya kubwera. Asiya anabereka mwana kumbuyo, n'kutenga mng'ono wake Asiatu, n'kukwera lole kuchoka ku Kotakota mpaka pa Lilongwe, pa ulendo wokamufunafuna. Kumeneko anapeza Che Sumaila, amene ankalondolera anthu apansi kudutsa mapiri a Dzalanyama kulowera ku Tete.

"Tinyamuka mawa," anatero Che Sumaila. "Lero mapazi apume. Muwaviike m'madzi amchere, mukhale pansi."

Atangochoka, Asiya anadzuka. "Tibwere pa Lilongwe kudzaona khonde la munthu? Tiye, iwe."

Anazungulira msika wonse. Anadutsa pamzikiti, n'kulowa mumsewu wa masitolo a Amwenye, pomwe matelala ankapalasa makina m'makonde. Kwa Harilal, Asiya anamugulira mng'ono wake nsapato zoyera za tenesi, zoyamba m'moyo wake. Anawoloka mlatho, n'kukwera ku Boma kukasuzumira nyumba za Azungu mpaka agalu anawathamangitsa.

"Achemwali, zikundiluma," anadandaula Asiatu.

"Zizolowere lero, mawa zifewa. Yenda."

Thuza la kuchidendene kwa Asiatu, Asiya analiona madzulo omwewo. Analimanga kansanza, n'kumuuza kuti asawauze Che Sumaila, angawasiye.

Tsiku lachitatu m'nkhalango thuza linaphulika. Mvula inawapeza pamtunda, matope n'kulowa m'bala. Njati zitatseka njira, anazemba modzera m'dambo, madzi ofika m'mawondo. Tsiku lachisanu mwendo unatupa mpaka m'ntchafu, ndipo makaka anali atatsala a masiku awiri.

Che Sumaila anamasula kansanza kaja, n'kununkhiza. "Bala ili si la m'tchire. Layamba liti?"

"Panjira pompano," anayankha Asiatu msanga, mano akugundana ndi malungo.

Asiya anangoyang'ana pansi.

"Tete ili kutali. Tibwerere kuchipatala," anatero Che Sumaila.

Anadula mitengo iwiri, n'kumangapo nsalu, n'kugonekapo Asiatu. Iwo patsogolo, Asiya pambuyo, mwana kumsana. Fisi mmodzi anawatsatira masanasana, osayandikira, osabwerera. Pamtsinje wodzaza anadikira tsiku lathunthu. Asiatu anamwalira madzi asanaphwe.

Asiya anamusambitsa yekha. Anamuika choyang'ana ku Maka, n'kusanja miyala yolemera pamwamba pake chifukwa cha fisi uja.

Analowanso mu Lilongwe tsiku lakhumi, nsapato zija zikulendewera pakhosi pa Asiya. Matelala ankapalasabe makina awo. Iye sanacheuke.

Pokwerera lole Che Sumaila anati, "Amayi anu mukawauze kuti ndi Mulungu. Tchire limatenga anthu."

"Si tchire," anatero Asiya. "Tsiku lija munati tikhale pansi, ndinamuyendetsa tauni yonse. Bala ndinalimanga ndine."

"Ndinadziwa. Mfundo ija womanga sanali mwini phazi."

Lole inaliza hutala. Asiya anamangitsa mwana, n'kukwera, nsapato zili pachifuwa.