Kwathu Kulibe Womva

Umphawi wa munthu wogulitsa pakhonde ndi wowawa, chifukwa chuma chimakudutsa pamphuno tsiku lonse. Panali bambo wina amene anthu ankangomuitana kuti Mawaya. Anali ndi kathebulo pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo pamenepo ankakonza mafoni ndi kugulitsa mahedifoni a waya, atawapachika pamisomali lendelende. Kale ankagulidwa ndithu. Koma makampani opanga mafoni, kaya anagwidwa ndi mzimu wanji, anayamba kutulutsa mafoni opanda kabowo kolowetsamo waya. Foni yatsopano iliyonse inkabwera yosalala ngati dzira. Basi, katundu wa Mawaya anangosanduka zingwe zokola fumbi.

Tsidya la msewu kunali sitolo yomangidwa ndi magalasi okhaokha. Mwini wake anali munthu amene Mawaya yemweyo anamuphunzitsa kutsegula foni. Iyeyu ankagulitsa timahedifoni topanda waya, tija timagona m'kabokosi ngati nyemba ziwiri, ndi timasipika tonyamula m'manja, ndipo anthu ankachita kuima pamzere. Mawaya akayang'ana kumeneko mtima unkamuwawa koopsa. Sikuti ankangofuna kulemera ayi. Ankafunanso kuti uja wa magalasi agwe, amuone akupempha.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. Chipinda chinali chimodzi chogawa ndi nsalu, mkazi wake anali wosabisa mawu, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wa ku pulaimale, anthu anamupatsa dzina lakuti Kambalame chifukwa sankatseka pakamwa. Posamba nyimbo, potsuka mbale nyimbo, ngakhale pomukalipira ankang'ung'uza kenakake.

"Bambo a Kambalame," mkaziyo ankatero, "mawaya anuwo apatseni amayi ogulitsa masamba azimangira mitolo. Phunzirani kukonza tatsopanoti, manja muli nawo."

"Ndinanena kuti za mafoni usamalowerere!"

"Munanenadi, koma ine sindinamve."

Tsiku lina woyendetsa takisi amene anabwera ndi foni yosweka galasi anamunong'oneza za sing'anga wina wokhala kuseri kwa malo ometera tsitsi. Mawaya anapita dzuwa lili paliwombo. Ankaganiza kuti akapeza munthu wa zikopa ndi nthenga, koma anapeza bambo wa malaya osita bwino, atakhala pampando wa mu ofesi, mafoni ali mbwee pathebulo, pakati pawo nsupa yakuda bii.

"Ukufuna chuma," anatero sing'angayo asanamupatse n'komwe moni.

"Eya, bambo. Koma ndalama zokulipirani ndilibe."

"Ndalama ndizitani? Magazi a munthunso sindifuna, n'zachikale zimenezo, zimangoitana apolisi. Ine ndikufuna kanthu kochepa. Undipatse kumva kwa m'nyumba mwako."

Mawaya anatsala pang'ono kuphulika ndi phwete. Iye anaganiza za kumva kuja kwa mwana womvera makolo, kwa mkazi womvera mwamuna. Mumtima anati, mkuluyu ndamudyera masuku pamutu, akupempha chinthu chimene kulibe.

"Tengani, bambo! Kwathu kulibe womva. Mkazi wanga ndikati kumanja amalowera kumanzere. Mwana ndiye musanene, ndikati akhale chete m'pamene amakweza nyimbo."

"Nditenge konse?"

"Konse, musasiyeko."

"Wamvetsa zimene ndanena?"

"Ndamva."

"Chabwino," anatero sing'anga uja akumwetulira ndi mano apansi okha. "Iwe ndiye umamva."

Anatulutsa kabokosi ka timahedifoni topanda waya. Anamutema mphini kuseri kwa khutu, n'kupaka magaziwo pa tonse tiwiri. Kamodzi anakaponya m'nsupa muja, kena anakalowetsa m'khutu la Mawaya. Kagetsi kabuluu kanaphethira, kuphethira, kenako kanaima.

"Zalumikizana. Usakachotse. Zimene kazikuuza uzichita."

Anthuni, kanthu kaja kanalankhuladi! Mawu ake anali ozizira, osadziwika ngati ndi a mwamuna kapena a mkazi. Kankati, kagule machaja a kamwa lakutilakuti, onse amene ungawapeze. Pasanapite nthawi nkhani inkamveka pa wayilesi kuti mafoni amene akubwera azidzagwiritsa ntchito machaja omwewo, ndipo mumsewu monse amene anali nawo anali Mawaya yekha. Kankati, timasipika tofiira tisiye, tikutha fasho. Uja wa magalasi n'kuodako makatoni, n'kukhala nato. Nkhani iliyonse ya mafoni inkafika m'khutu la Mawaya isanafike m'manyuzi. Anagula sitolo ya nsapato ija yonse, banja lake linasamukira m'zipinda za pamwamba pake, ndipo tsiku limene sitolo ya magalasi inatsekedwa iye anaima pakhomo n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

Choyamba kupita chinali mchere. Tsiku lina ndiwo zinabwera zowawa mchere zosadyeka.

"Mayi a Kambalame, mwathira thumba lonse?"

Mkaziyo analawa, kulawanso. "Ine sindikuumva. Ndimati sindinathire."

Mawaya anaseka, n'kulemba ntchito wophika. Patapita nthawi mkaka unapserera pamoto mayiyo ali pafupi pomwepo, nyumba yonse fungo lokhalokha, iye osamva kalikonse. Kenako tsiku lina akusita anatsamira simbi ndi mkono, n'kupitiriza kucheza mpaka wophika uja anakuwa. Khungu linachita kumatirira kusimbi, koma mwini wake ankangoliyang'ana ngati la munthu wina.

Apa Mawaya anasiya kuseka. Komabe sanafune kuganiza zambiri, poti malonda anali pachimake.

Ndiye zinafika pa Kambalame. Aphunzitsi anaitanitsa makolo, ati mwanayu tikamuitana satembenuka. Kukwaya ya sukulu anayamba kuimba mophonya, anzake n'kumaseka, mpaka anamuuza kuti azingokhala pabenchi. Kuchipatala anamuunika m'makutu, anati zonse zili bwinobwino, sakuona vuto. Mwana uja anasiya kuimba. Ankangoyang'ana milomo ya anthu, maso ali tong'o.

Mkazi wa Mawaya sanali wopusa. Anamupeza mwamuna wake pamasitepe n'kumutsekera njira.

"Mwatichita chiyani? Kanthu kali m'khutu mwanuko sikachoka, posamba pomwe. Mundiuze, mwatigulitsa kwa ndani?"

"Iwe, usayambe zako."

"Ine ndatha kale, zanga zisiyeni. Koma mwana, bambo a Kambalame! Mwana!"

Mawa lake Mawaya anathamangira kuseri kwa malo ometera kuja, thukuta lili kamukamu.

"Munandinamiza! Ine ndimanena za kumvera!"

"Ine sindinanene kumvera," anayankha sing'anga uja akupukuta galasi la foni ndi kansalu. "Ndinati kumva. Mchere timautani? Timaumva. Fungo timalimva. Moto ukakuotcha umaumva. Nyimbo, njala, chisoni, zonsezo timazimva. Chinenero ndi chako chomwe, sindinachipange ndine. Ndinakufunsa kuti nditenge konse, unati ndisasiyeko."

"Bwezani za mwana wanga."

"Zopita zapita. Koma zotsala ukhoza kuzipulumutsa. Mwanayo akumvabe kutentha, akumvabe kuwawa, akumvabe fungo. Chotsa kanthuko ndi dzanja lako, ukaponye pamoto lero lomwe. Sinditenganso china."

"Nanga sitolo?"

"Ubwerera pakathebulo kako."

Mawaya anatuluka atatsimikiza mtima, zoona, tisamunamizire. Anayenda mpaka pakhomo la sitolo yake, dzanja lili kukhutu. Pamenepo mawu ozizira aja ananong'ona: kukubwera timasipika tatsopano tosalowa madzi, pali munthu akugulitsa makatoni motchipa, ukawatenga msewu wonse ukhala wako. Dzanja lija linatsika lokha. Anati, katundu ameneyu yekha, akatha ndichotsa.

Mkazi wake anamugwadira, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni.

"Chotsani lero. Pakathebulo paja tinkadya, sitinafe."

"Mwanayo ndidzamugulira makina othandiza kumva, apamwamba kwambiri. Ndalama zimakonza zonse. Ungopirira pang'ono."

Makatoni anabwera, ndipo timasipika take tinalidi totchipa, mabatire ake osadziwika kumene anapangidwa. Mawaya analamula kuti tonse titchajidwe m'chipinda chosungira katundu kuseri kwa sitolo, kuti wogula akangogwira tizilira nthawi yomweyo. Chipindacho chinali ndi chitseko chachitsulo ndi kawindo ka zitsulo, poopa akuba. M'menemo ndi mmene Kambalame ankakonda kukhala akaweruka kusukulu. Ankayatsa sipika yaikulu n'kuika zikhato zake pamenepo, kuti nyimbo imene makutu anamukaniza aziimva ikugunda m'manja. Ankadzitsekera ndi mpiringidzo chifukwa antchito a m'sitolo ankamuseka.

Masana ena sitolo itadzaza anthu, mwanayo anabwera n'kukoka malaya a bambo ake.

"Ababa, lero sizikugunda. Ndagwira sipika koma m'manja mulibe kanthu."

Mawaya anamva, ndipo anadziwa tanthauzo lake. Koma kutsogolo kwake kunali wogula atanyamula kale katoni. Anamukankha mwanayo pang'ono n'kumulozera kuseri ndi chala, kuti apite abwera. Kambalame anabwerera m'chipinda muja n'kupiringidza chitseko.

Batire limodzi linatupa n'kuphulika, linzake n'kutengera, moto n'kugwira makatoni. Utsi unakwera pamwamba pamene mayi ake ankapinda zovala atafulatira khomo, koma iwo sanamve fungo. Amene anayamba kukuwa anali anthu a mumsewu. Mawaya anathamangira kuseri, anamenya chitseko ndi zibakera, ndi mapazi, ndi mutu womwe. Chitsulo chimene anagula yekha chinakana. Anakwera pandowa n'kusuzumira pakawindo.

Mwana wake anali atakhala pansi, atayang'ana kukhoma, zikhato zili pasipika, akudikira kuti igunde. Mpiringidzo unali pafupi, akanangotembenuka n'kutambasula dzanja. Moto unali utafika kale pa diresi lake kumsana, koma iye sanagwedezeke n'komwe.

"Kambalame! Mwana wanga, tembenuka! Mayo ine, tembenuka!"

Anakuwa mpaka mawu anatha. Anazula kanthu kaja m'khutu n'kukaponya m'moto kudzera pakawindo, koma nthawi inali itatha. Pamene amuna anabwera ndi zitsulo n'kuthyola chitseko, munalibenso woti n'kumupulumutsa. Dokotala pofuna kumutonthoza anati, "Limbani mtima, bambo. Zikuoneka kuti mwanayu sanamve kuwawa."

Pamaliro mayi a Kambalame sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Ankayendayenda kufunsa ngati alendo onse apeza pokhala. Amayi anzawo anayamba kunong'onezana kuti mfiti ndi iyeyu, taonani maso ake ali gwa. Mlamu wake atamukokera pambali, mayiyo anati, "Ndikudziwa kuti mwana wanga wafa. Ndikufunafuna pamene pakuwawa, koma sindikupapeza." Maliro atatha abale ake anamutenga, ndipo sanabwererenso.

Mawaya anapita kwa sing'anga uja akukwawa ndi maondo.

"Inenso ndine wa m'nyumba momwemo. Tengani kumva kwanga. Chonde, tengani!"

"Ayi," anatero sing'angayo mwaulemu. "Iwe ndinakuuza kale kuti umamva. Payenera kutsala mmodzi. Mwana sanamve moto, mayi ake sakumva chisoni, ndiye zimenezo zipite kuti? Uzimva ndiwe, za anthu atatu."

Ndi mmene zilili mpaka lero. Sitolo inapsa yonse, pamalopo pali makoma akuda okhaokha. Mawaya amazungulira pamenepo atavala nsanza, akudzikanda kumsana mpaka magazi, ati pakuotcha. Anayesa kutseka makutu ndi thonje, ndi phula, ndi dothi, koma sizithandiza. Akaona mwana wasukulu akudutsa atavala timahedifoni, amamuthamangira akulira kuti, "Tembenuka! Tembenuka!" Ana amathawa, ena amamugenda, ndipo palibe amene amamupatsa ngakhale madzi.

Inu amene mumayang'ana tsidya la msewu mtima n'kumawawa, chenjerani ndi dyera. Chuma cha zithumwa sichilipiridwa ndi amene anachifuna, chimayamba kudya amene amagona naye nyumba imodzi. Mawaya anauzidwa ndi mkazi wake, anapatsidwa mpata ndi sing'anga yemwe, mwana wake anamukoka malaya, iye n'kusankha katoni. Akuluakulu sananame: wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.