Mphete ya Kumanzere

"Pepani bambo, akazi anu anatisiya liti?"

Danusia anafunsa akukulunga buledi m'bekale ya azakhali ake, a Halina, ku Jackowo mu Chicago. Anali ataona mphete ku dzanja lamanzere la mwamuna wodzagula bulediyo. Kwawo ku Poland wapabanja amavala kumanja. Kumanzere amavala woferedwa.

Dzina lake linali Leszek. Anangogwetsa nkhope, ndipo mtima wa Danusia unasungunuka ngati batala.

Posakhalitsa mauthenga a Leszek anayamba kugwa pafoni ya Danusia. "Kadzuwa kanga, wadzuka bwanji?" Kenako: "Kachule kanga, pofika Isitala udzakhala wanga mpaka imfa!"

"Mwamuna wa Lachitatu ndi Loweruka basi?" a Halina ankatero akukanda ufa. "Masiku enawo amagona kumanda?"

"Azakhali! Amafolera nyumba kutali."

"Ehe. Nanga foni yakeyo bwanji imagona chafufumimba?"

Madzulo oti mawa ndi Khirisimasi, anayala nsalu yoyera patebulo, pansi pake timaudzu touma. Mwa mwambo, anaikanso mbale imodzi yopanda mwini, ya mlendo wodzidzimukira, amene sabwezedwa pakhomo.

Leszek anafika ndi maluwa anayi. A Halina anachita chizindikiro cha mtanda. Anayi? Si akumaliro amenewo? M'Polishi wanji woiwala zotere?

Akunyemerana kamkate kopyapyala kofunirana mafuno abwino, kunamveka kugogoda.

Pakhomo panaima mayi wachimereka, chipale chofewa chili m'tsitsi, kamwana kali m'manja.

"Pepani," anatero m'Chingerezi. "Ndaona galimoto ya mwamuna wanga panjapa. Anati ali kuntchito."

"Adadi!" kamwanako kanakuwa.

Danusia anayang'ana dzanja la mayiyo. Mphete yake inali yofanana ndi ya Leszek, ili kumanzere, monga amavalira apabanja a kuno.

"Kachule kanga," Leszek ananong'ona, "ine sindinanenepo kuti anamwalira."

"Zoona," anatero Danusia. "Ndinamuika m'manda ndekha. Iwe unangondigwirira fosholo."

Misozi anaimeza. Anakoka mpando wa pa mbale yopanda mwini ija.

"Khalani, mayi. Supu akadali wotentha."

Kenako anachotsa mbale ya Leszek, nakaiika m'sinki mosapokosera.

"Azakhali, mayiwa ndi mwana wawo agona kuchipinda kwanga lero. Mpatseni Leszek jekete lake."