Makina Opalira Matabwa a ku Chilenje

Tryness ankaanula zovala madzulo pamene lole inaima pageti pawo ku Chilenje, itanyamula bokosi lalikulu ngati khola la nkhumba. Mwamuna wake Matthew, kalipentala komanso mkulu wa mpingo, anali atagula makina opalira matabwa. Amuna asanu anakanganula bokosilo, n'kugubuduza chitsulocho pamapaipi mpaka m'shedi. Chitakhazikika pasimenti, Matthew anawabweza onse, nati mabawuti amanga yekha.

Sikunali kukonda ntchito ayi. M'dzenje la bawuti lomaliza anaponyamo kanthu kochokera kwa sing'anga wina, amene anamuuza kuti makina otere amafuna munthu wowakankha, ndiye atchule dzina limodzi. Matthew anaganiza za apongozi ake, amene anachoka ku Katete kudzaonana ndi dokotala n'kuiwala njira yobwerera. "Bernadette," ananong'ona. Mkamwini satchula dzina la apongozi, ndipo pakamwa pake panawawa ndi manyazi.

M'mawa mwake magetsi anathima monga mwa masiku onse, koma makina analira. Ankalira mobuula, ndipo utuchi wake unkanunkha thukuta la munthu. Azimayi apamsika anayamba kulambalala getilo.

"Ba Matthew, muli na jenileta?" anafunsa Mpundu, woyandikana naye.

"Nilibe."

"Manje isebenza shani?" anafunsanso Mpundu, kufuna kudziwa chimene chikuyendetsa makinawo.

Matthew anangoti ndi chisomo.

Matabwa ankatuluka osalala ngati mbale, koma apongozi anayamba kutha. Makina akalira, iwo ankaferatu tulo pampando masana dzuwa likuswa mtengo, n'kudzuka ali wefuwefu, m'manja muli matuza.

"Amai, uyu utuchi mu sisi wachoka kuti?" anafunsa Tryness, akuwasasa m'tsitsi mayi ake.

"Kaya, mwana wanga. Sininayende kulikonse."

Matthew anaziona zonse ndipo mtima unamutsutsa. Anatenga sipanala kuti achotse kanthu kaja, koma bawutilo linkangozungulira osatuluka. Kutchalitchi analephera kutsogolera pemphero.

Loweruka masana apongozi anamuitanitsa. Anawapeza atagona pamphasa, mikono itaonda ngati mapesi, Tryness akuwapaka mafuta m'manja. Matthew anagwada chapatali monga mwa ulemu.

"Atate ba Abby," anatero mayiwo mofatsa, akumutchula ndi dzina la mwana wake, "mupeni wapakati wa makina yanu wabuntha, munole. Nchito sinikana, ndine mulendo pano. Koma manja yanga yasila, yatheratu."

Tryness anasiya kupaka, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mwamuna wake. Matthew sanathe kudzutsa mutu. M'shedi, mmene munalibe munthu, makina anayamba kubuula, ndipo maso a apongozi anatsekeka.