Lamba wa Leandro

Lambayo ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, pomwe Leandro anamusiya asanamwalire. Koma m'mawa wina Evaristo Bonomi, mwamuna amene ankakondana ndi Leandro, anamupeza pampando, atamangidwa bwinobwino ngati wazungulira chiuno cha munthu.

Evaristo ankalemba mabuku a amuna okondana okhaokha, ndipo limene linali m'manja nthawiyo linali la awiri, wina womenya, wina wopempha kumenyedwa. Tsoka la wolemba zotere mu Buenos Aires n'lakuti aliyense amadziyesa wodziwa za mumtima mwake kuposa mwiniwakeyo.

Usiku wotsatira, mabasi atasiya kulira mumsewu, anamva kachitsulo ka lamba kakugunda chitseko pang'onopang'ono, ngwe, ngwe, mawindo ali chitsekere. Kenako kunabwera fungo la fodya wa Leandro, ndi mpweya wofunda pakhosi pake.

Lachinayi anagona pasofa ya Mayi Wainfeld, dokotala wake wa maganizo, amene ankakhala kumutu kwake komwe iye sankawaona.

"Lambayo akukukumbutsani ndani?" anafunsa mayiwo.

"Sakundikumbutsa, mayi. Akuyenda!"

"Mmm. Akuyenda."

Zinamunyansa. Iye ankangofuna munthu mmodzi, wamaso awiri, adzagone kwake usiku umodzi n'kumuuza ngati wapenga kapena ayi. Anapempha mlongo wake Ofelia.

"Iwe, kusungulumwa kumeneko. Ukudzilanga chifukwa unatsala wamoyo. Komanso dokotala wanga wandiletsa kumakulera."

Ngakhale Don Ceferino, wosamalira nyumbayo, anaimika chokolopera n'kunong'ona: "Bambo anu ankakukwapulani, eti?"

Evaristo anataya lambayo m'bini ya pamsewu. Usiku umenewo mdima unali bii, nyumba ili zii, mpaka anamva chikopa chikukwekwereka pansi kuchokera kukhomo, chikuima, chikuyambanso. Anagona chafufumimba, mano ali gwa. Sanakuwe, poti akanakuwira ndani?

Lachinayi linalo sanagone pasofa. Anavula malaya n'kutembenuka. Mikwingwirima inali pakati pa msana, pamene dzanja lake silikanafika.

"Tanthauzirani izi, mayi."

Mayi Wainfeld sanayang'ane msanawo. Maso awo anali kumapeto kwa sofa.

"Anali wamtali?" ananong'ona. "Wa chipsera pachibwano?"

Evaristo anali asanawaonetsepo chithunzi cha Leandro.

"Amalowa nanu," anapitiriza mayiwo, "n'kukhala kumapazi kwanu. Anayamba kalekale."

"Kalekale? Inu n'kungoti mmm?"

"Ndinakawafotokozera adokotala anga," anatero mayiwo. "Anati ndi nsanje yanga."

Kumbuyo kwa Evaristo kachitsulo kanalira, ngwe.