Matiresi a Pakhoma

Mlamu wanga Fanwell sankatha kudutsa chinthu chotayidwa osachitola. Atapeza nyumba ku Kafue Estates, chipinda chimodzi anachisandutsa situdiyo yojambuliramo nyimbo za mkazi wake Edna, mng'ono wanga, amene ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Zonse za m'menemo zinali zakale: tebulo la muofesi ina yomwe inatsekedwa, mipando ya m'bala, masipika otalika kuposa mwiniwake. Ine ndinkamuseka kuti galimoto yotola zinyalala yapeza wopikisana naye.

Chinkamuvuta ndi phokoso la malole a kumsewu. Anzake anamulangiza kuti akhomerere matiresi akale m'makoma. Ambiri amene anapeza anali opyapyala, otha ntchito. Amodzi okha anali okhuthala bwino. Anabwera nawo panjinga bambo wina wa ku Chanyanya, amene sanakhale ndi pansi pomwe. Anangowatula n'kubwerera.

Madzulo ena, magetsi atangoyaka, ndinapita kukawasiyira ndiwo. Edna anali kukwaya. Fanwell ndinamupeza atakhala m'situdiyo, mahedifoni ali m'manja.

"Mulamu Bertha, mvelani apa," anatero.

Ndinavala. Edna ankaimba bwino monga mwa masiku onse. Koma pansi pa mawu ake panali kupuma. Kupuma kwa munthu wamkulu, kolemera, kokoka ngati m'chifuwa muli madzi. Edna akamaliza mzere, kupumako sikunkasiya.

Ndinamuuza Fanwell kuti mwina ankapumayo ndi iye mwini. Anazimitsa nyimbo, n'kuyatsa maikolofoni. Tonse awiri tinagwira mpweya. Kupuma kuja kunalipobe. Anayenda ndi maikolofoni m'mbali mwa khoma, pang'onopang'ono. Atafika pa matiresi okhuthala aja, kunakula.

Ndinamuuza kuti awazule pomwepo. Anakana. Anati nyimbo zatsala pang'ono kutha, ndipo akavundukula khoma malole alowanso. Anathirapo mafuta odzozera, anapemphera mpaka mawu kusasa, kupumako n'kukufufuta pakompyuta. Zonsezi anamubisira Edna. Inenso anandipempha kuti ndisamuopseze.

Edna anayamba ndi kachifuwa. Kenako mzere umene kale ankauimba ndi mpweya umodzi anayamba kuudula pakati. Masitepe a kutchalitchi ankawakwera atagwira khoma. Kuchipatala anamuyeza, anamupatsa mankhwala, koma sizinasinthe. Iye ankalowabe m'chipindamo, eti ntchito ya Mulungu siidikira.

Tsiku lina Fanwell anandimvetseranso zimene anajambula asanafufute. Kupuma kuja kunali kutasintha. Kunalibenso kukoka. Kunali kosalala, kofatsa, ngati kwa munthu amene wachira ndipo wagona tulo tabwino.

M'mawa mwake ndinakwera njinga ya ku Chanyanya. Sindinavutike kufunsa. Amayi oyanika nsomba anayang'anana kaye, kenako wamkulu wawo anandifotokozera. Matiresiwo anali a msodzi wina wokalamba amene anadwala chifuwa nthawi yaitali n'kumwalirira pomwepo. Kwa abale akewo, chogonera cha munthu wotero chimawotchedwa maliro akangoikidwa. Mphwake amene anamutuma kukawotcha anangowamanga panjinga.

"Siyenze yogulisa ija, amai," anatero mayiyo. "Muntu anasiyilapo mpweya wake."

Nditamuuza Fanwell, matiresiwo tinawazula madzulo omwewo n'kuwawotcha kuseri kwa nyumba. Utsi wake unali wakuda, wonunkha. Koma madzi anali atatayika kale. Edna anamwalira sabata yomweyo, pabedi pake, atandigwira dzanja. Fanwell ndinamuda ndi mtima wanga wonse. Sindinkafuna ngakhale kumva dzina lake.

Titaika maliro, azakhali athu analamula kuti matiresi a pabedipo awotchedwe. Fanwell anati awotcha yekha, poti Edna anali mkazi wake. Tinamusiya.

Patapita masiku, mayi woyandikana nyumba ndi Fanwell anandiimitsa kumsika. Anandinong'oneza kuti utsi sanauone, koma anamva kukhoma misomali.

Ndinafika dzuwa litalowa kumene. Chitseko chinali chosakiya. M'nyumba monse munali mdima, kupatula kuwala kwa kompyuta m'situdiyo. Pakhoma, pamalo aja, panali matiresi a Edna, nsalu yake yamaluwa ili pomwepo. Maikolofoni inali itagunda nsaluyo.

Fanwell anali ataonda. Anakhosomola nthawi yaitali asanayankhule, ndipo kukhosomolako ndinkakudziwa.

"Nkalani zii, mulamu," ananong'ona. "Lelo Edna apuma bwino. Samvela kuwawa."

Anavula mahedifoni n'kundipatsa. Ndinkadziwa zimene chipinda chija chimatenga kwa munthu. Ndinafuna kuwaponya pansi, ndithawe, ndikaitane abusa.

Koma anali mng'ono wanga. Ndinakoka mpando, n'kuvala.