Ima Pomwepo, Twyla

Twyla Pickett anaima pa kapeti wamaluwa pafupi ndi zenera la pabalaza, miyendo atatang'adza, manja atapinda pachifuwa.

"Osati pakati, iwe," anatero mayi ake, a Rhonda, akupukuta tebulo lomwe anali atalipukuta kale. "Ponda m'mbali, pamene padutsa mitanda. Ukufuna ugwere pansi alendo asanafike?"

"Ndikudziwa, amayi. Nzeruyi si yanga kodi?"

Inalidi yake, ndipo ankainyadira. Nyumba yawo inali ya kufakitale, yokutidwa ndi malata ngati chitini, yobwera pa matayala itakokedwa ndi lole, ngati zina zonse za kwathu kuno ku Cedar Bend, m'chigawo cha Alabama. Pansi pake si simenti ayi, ndi matabwa a utuchi wopanikiza. Makina oziziritsa m'nyumba amene anali pazenera ankadontha madzi chilimwe chilichonse, mpaka thabwa la pamenepo linafewa ngati buledi wonyowa. Amalume ake a Twyla, a Harlan, atabwera kudzaona anapukusa mutu n'kunena kuti pofunika kukanula pansi ponse, ntchito ya masabata angapo, ndi matabwa atsopano oti ndalama zake panalibe.

Nthawi nayo panalibe. A Rhonda anali atapeza ntchito yochapa zovala pa chipatala china ku Huntsville, yoyamba kumapeto kwa mwezi, koma popanda kugulitsa nyumbayi sakanatha kulipira pokhala kumeneko. Chikwangwani choti nyumba ikugulitsidwa chinali chitasuluka ndi dzuwa. Nyumba zoterezi zikamakalamba mtengo umatsika ngati wa galimoto, ndipo anthu ankangoimba foni, n'kufunsa chaka chimene inapangidwa, n'kudula. Wobwera kudzaona ndi maso anali mmodzi yekha, wa lero.

Twyla ndiye ankafuna kuchoka kuposa aliyense. Anali atatopa ndi anyamata a m'basi ya sukulu, amene basi ikaima pachipata ankafuula kuti, "Tsegulani mazenera, a m'zitini akukwera!" Makatoni ake anali atamanga kalekale. Ndiye atamva za mlendoyo anati, "Tingoyala kapeti, ine n'kuimapo. Munthu sangaponde pamene paima mnzake."

A Rhonda anakana tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anakatenga kapeti ku chipinda chawo.

Galimoto itaima panja, munatuluka mayi wamtali wovala nsapato zachimuna, tochi ali m'manja masanasana. Anali a Ocie Tillman. Pambuyo pawo, pang'onopang'ono, panabwera bambo awo okalamba, a Virgil, akukankha chogwirira chachitsulo cha miyendo inayi. Kukwera masitepe a pakhonde kokha kunali ntchito.

"Takulandirani, Mayi Tillman. Tiyi wozizira?"

"Pambuyo pake," anayankha a Ocie, maso ali kudenga. "Apo padathimbirira bwanji?"

"N'zakale zimenezo. Denga tinamata."

"Aliyense amatero."

Abale inu, alipo anthu ogula nyumba, ndiye alipo a Ocie Tillman. Anakhazika bambo awo pa mpando wa kukhitchini n'kuyamba ulendo. Kabati iliyonse anatsegula n'kununkhiza. Mpopi uliwonse anatsegula n'kuima kudikira madzi otentha. Anagogoda makoma ndi chala, khutu atagunditsa, ngati akusankha chivwende pamsika. Chitseko cha ku bafa anachitsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka, mpaka Twyla anafuna kukuwa. Kenako anatuluka panja, n'kugwada, n'kulowetsa mutu kunsi kwa nyumba. Mwayi wake analowera mbali ya kukhitchini.

Nthawi yonseyi Twyla ali chiimire. Mphepo yozizira ya makina aja inkamuwomba pakhosi mpaka khosi linauma gwa. Ntchafu zinayamba kunjenjemera chifukwa chotang'adza. Ntchentche inatera pabondo, iye n'kungoiyang'ana. Akati asunthe phazi pang'ono, thabwa linkalira kunsi, ndipo mayi ake ankatsokomola mwamphamvu kuti phokosolo lisamveke.

"Chifuwa chimenecho mukachionetse kuchipatala," anatero a Ocie polowanso, akusansa fumbi m'mawondo. Kenako anamuyang'ana Twyla kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga mwanayu sakhala pansi? Ali ndi chithupsa?"

"Amakonda zenera," anayankha a Rhonda msangamsanga. "Chibadwire."

"Zenera waliloza nkhongo."

Twyla anamva nkhope ikutentha. Mumtima anati mayi ameneyu akangogula n'kupita, asadzamuonenso mpaka kalekale.

A Virgil okha ndiwo analibe mavuto. Ankamwa tiyi wawo pang'onopang'ono, madzi oundana akulira m'tambula, akumwetulira chilichonse. "Ocie, usawavutitse anthu," anatero. "Ine ndaikonda kale. Nyumba yopanda masitepe m'kati, bafa lili pafupi, ndifunanso chiyani?" Anatembenukira kwa Twyla. "Yanga inapita ndi chimphepo, mdzukulu. Tinatuluka kobisala n'kupeza masitepe a pakhonde okha. Chichokereni ndimagona pa sofa kwa mwana wangayu, ndipo amajona ngati thalakitala."

"Ababa!"

"Ndanama?"

Twyla anaseka asanadzigwire, thabwa n'kulira, a Rhonda n'kutsokomola.

Pomaliza a Ocie anazimitsa tochi yawo. Anakhala pansi n'kuyamba kunenerera mtengo, akuwerenga zolakwika ndi zala: denga, chitseko, utoto. A Rhonda anatsitsako pang'ono, kenako n'kuuma. Anakangana, anadzuma, anatsonya, mpaka a Ocie anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Chabwino. Mwaisamala, sindikunamizani. Ndaona zambiri zovunda mwezi uno, iyi ndi yolimba. Mawa ndibwera tidzamalize."

A Rhonda anapumira m'mwamba. Twyla anaona kale msewu wa ku Huntsville, sukulu yatsopano, basi yoti palibe womudziwa.

"Basi, mpando wanga ukhala apo," anatero a Virgil, akuloza pamene panaima Twyla. "Kamphepo kayaziyazi, ndi kuona mbalame panja. Ndikadzuka m'mawa, Ocie ali ku ntchito, ine ndili pamenepo tsiku lonse." Anadzuka movutikira, n'kugwira chitsulo chawo, n'kuyamba kubwera. Miyendo inayi ya chitsulo inkatsogola, mapazi awo n'kumakwekwereza pambuyo. "Tandipatsa malo, mdzukulu, ndione panja pakuoneka bwanji."

Twyla sanasunthe.

"Bambo, mudzaona mukadzalowa," anatero a Rhonda. "Tiyi wina?"

"Ndakhuta, mayi. Kungosuzumira basi."

Anafika pafupi kwambiri moti Twyla ankaona manja awo, owonda, khungu lopyapyala, mitsempha ili poyera, atagwira chitsulo mwamphamvu. Mwendo umodzi wa chitsulocho unali utakhudza kale m'mphepete mwa kapeti. Twyla akanatha kuwatchinga lero. Koma sabata yamawa iye adzakhala ali ku Huntsville, ndipo agogowa adzakhala okha m'nyumba muno, chitseko chotseka, wowamva palibe.

Anayang'ana mayi ake. A Rhonda anali atafinya nsalu yopukutira tebulo m'manja, maso akupempha.

"Mwana iwe, sukumva akulu akulankhula?" anakalipa a Ocie.

"Musaponde pano, agogo," anatero Twyla. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwerezanso mokweza. "Musaponde pano. Bwererani m'mbuyo."

Anadumphira pambali n'kukoka kapeti. Pansi panali pakuda, potupa, pakati pake patalowa m'kati. A Ocie anabwera, n'kuyatsa tochi, n'kusindikiza ndi chidendene. Nsapato inalowa mpaka m'kakolo, zinyenyeswa za thabwa n'kugwera kunsi kwa nyumba. Fungo la nkhungu linadzaza pabalaza.



A Ocie anazula phazi lawo. Anayang'ana dzenjelo, anayang'ana chitsulo cha bambo awo, kenako a Rhonda. Twyla anadikira mkuntho wa mawu, koma mayi amene anali atadandaula za chitseko ndi utoto uja anangogwira bambo awo pamkono.

"Tiyeni, ababa."

Pakhomo a Virgil anacheuka. "Zikomo tiyi, mayi," anatero. Kenako anamugwedezera mutu Twyla, n'kuyamba ntchito yotsika masitepe.

Galimoto itapita, a Rhonda anakhala pa mpando, nsalu ija idakali m'manja. Twyla anaima pafupi ndi khoma, miyendo ikuwawa, misozi ili m'maso. Anali wokwiya: anakwiyira makina, anakwiyira a Ocie, anakwiyira agogo aja chifukwa chokonda mbalame, ndipo koposa onse anadzikwiyira yekha.

"Kalipani basi, amayi. Ntchito ija yapita. Ndikudziwa."

"Yapitadi," anatero a Rhonda. Anayang'ana dzenje lija. "Tsiku limene ndinkagula nyumba ino, iwe uli m'manja, kunali kamnyamata ku bafa. Kanaima pafupi ndi sinki, phee, osasuntha mpaka tinachoka. Ndinachita kuwauza mayi ake kuti ali ndi mwana waulemu."

Twyla anadzutsa mutu.

"Sipanathe mwezi, mwendo wanga unalowa pamenepo, iwe ndili nawe m'manja. Ndinakuponyera pa mulu wa zovala." Anapukuta m'maso ndi nsalu ya patebulo ija. "Mayi ake nkhope ndinaiwala kalekale. Koma kamwanako ndimakakumbukira mpaka malaya amene kanavala, ndipo ndakhala ndikukatukwana mumtima zaka zonsezi. Lero ndatenga wanga n'kumuimika pomwepo."

Twyla anapita n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a mayi ake, mutu n'kutsamira pa bondo lawo.

"Lolemba ndikwera basi yomwe ija," anatero chapansipansi.

"Ukwera," anayankha a Rhonda, akumusisita tsitsi. "Tazimitsa chimakina icho. Ndiye uwaimbire amalume ako, uwauze abwere ndi macheka."