Chofunda cha Agogo Ida Chinathera pa Limbe

Kwathu ku Chigumula tinalibe zambiri, koma mtendere tinali nawo. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kuli kadimba ka chimanga. Bambo athu, a Pearson, ankanyamula katundu ku Makata. Amayi, a Vailet, ankachapa ndi kusita kwa bwana wina ku Namiwawa. Ana tinalipo awiri, ine Atikonda ndi mlongo wanga wamng'ono Steven. Lamulungu likafika tonse tinkapita ku Misa, ndipo palibe amene ankachita kudzutsidwa ndi ndodo.

Chuma chathu chinali chimodzi chokha, ndipo chinkakhala m'sutikesi pansi pa bedi la amayi. Chinali chofunda cha zigamba chimene anasoka ndi manja agogo Ida, amayi awo a bambo. Agogowa anathawa nkhondo ku Mozambiki ali ndi chitenje chimodzi ndi mwana kumbuyo. Chitenje chimenecho ndiye chinali pakati pa chofundacho. M'mbali mwake anasokerera thumba la ufa la ku msasa wa othawa nkhondo, komanso kolala ya malaya a amuna awo amene anaphedwa asanawoloke malire.

Musaganize kuti anali gogo wonyengerera ana. Ayi ndithu! Ankanunkhiza fodya, ankatukwana nkhuku m'Chilomwe, ndipo ukaponda ulusi wawo unkalandira khofi usanapepese. Koma ndi iwo amene anaika lamulo m'banja mwathu: mwana aliyense apite ku ubatizo atakulungidwa m'chofunda chimenechi, pobwerera adule kansalu ka chovala chake asokererepo. Bambo anabatizidwira momwemo, ine momwemo, Steven momwemo. Maso a agogo atayamba kuchita nkhungu, amene ankawalowetsera ulusi pa singano anali Steven yemweyu. Ankamukonda kuposa ine, ndipo sankabisa.

Agogo anamwalira ine ndili Fomu 2. Nthawi zina amayi akachoka ndinkatsegula sutikesi n'kuika nkhope m'chofundamo. Fungo la fodya wawo linali lisanathe.

Steven atalephera mayeso a Fomu 4 anayamba kukhalira ku Limbe. Amati akufunafuna ganyu. Ganyu wake anali Kingstone, mnyamata woitanira minibasi, wa chipsera pamlomo, amene sindinamuonepo maso ake ali oyera.

Tsiku lina masana Steven anabwera akudzandira, malaya ali paphewa. Bambo anali pakhonde akukonza khasu.

"Steven, ichi n'chiyani? Dzuwa lili paliwombo iwe waledzera kale?"

"Madala, ndakula ine. Musamandiwerengere mapazi."

"Wakula? Munthu wamkulu amadya za thukuta lake. Mnzako ujayu akupititsa kumanda, ndipo pamaliro pako sadzabwera."

Steven anaseka, n'kuwakankha pachifuwa kuti adutse. Bambo anagwera pa ndowa. Amayi anafuula ngati aponda moto, koma iye analowa m'nyumba n'kukagona ndi nsapato.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kumera miyendo. Wailesi inapita. Simbi ya makala inapita. Nkhuku ya mazira, imene amayi ankaisungira alendo, inatuluka m'mawa osabwereranso. Amayi anamugwadira mwana wobala okha.

"Mwana wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Siya mowa. Wakuba safera pamphasa, ukumva?"

"Masteni, mumalankhula kwambiri," anayankha choncho akutokosa m'mano.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditabwerera kwa makolo ndi khanda, chifukwa amuna anga anali ku Joni. Mwanayo tinamutcha Maziko, ndipo ubatizo wake unali Lamulungu lotsatira. Ndinali nditasankha kale kansalu kodzasokerera, kachikasu ka maluwa.

Lachitatu Kingstone anabwera pakhomo pathu kudzaona Steven. Amayi anali atayanika chofunda pachingwe kuti chiwombedwe mphepo. Ine ndinali m'nyumba ndikuyamwitsa, ndipo ndinamva zonse pawindo.

"Aise, ichi n'chiyani?" anafunsa Kingstone.

"Zigamba za agogo. Zakalekale."

"Ndiwe wogona, mfana. Madona a ku Namiwawa ndi azungu amafera zinthu zosoka pamanja. Ukugona pa golide iwe, pakhosi pali gwa!"

"Ayi, ichi ndiye ayi. Andipha madala."

"Akufa safunda, aise. Agogo ako ali ndi dothi lawo."

Ndinatuluka ndi mwana kubere. "Kingstone, tuluka pano! Usadzapondenso pakhomo pano, galu iwe!" Anachoka akuimba mluzu. Ndinachotsa chofundacho pachingwe, n'kuchipinda, n'kuchibweza m'sutikesi. Kupusa kwanga, sindinauze munthu. Ndinkati Steven angabe zonse, koma izi sangayerekeze.

Loweruka m'mawa amayi anakoka sutikesi kuti asite chofunda. Loko anali wothyoka. M'kati munatsala timibulu ta mankhwala a njenjete basi.

Steven anali kuseri, akusanza m'chimanga. Ndinamupeza ndili ndi Maziko kumbuyo.

"Chili kuti?"

"Chiyani?"

"Usandiyese chitsiru! Chofunda cha agogo chili kuti? Wamwera agogo ako, mfiti iwe!"

Anandiwomba mbama imene inandigwetsa chammbali. Ndinatchinjiriza mwana ndi chigongono, khungu lonse n'kusupuka. Maziko analira mpaka mawu kutha. Bambo anatulukira ndi mpini wa khasu n'kumumenya nawo pamsana kawiri. Steven anatola njerwa. Ndinaona ndi maso angawa mwana akugenda bambo ake omubereka. Njerwa inawapeza pamwamba pa diso, magazi n'kutsikira m'malaya.

 Steven anayang'ana dzanja lake ngati si lake.

Bambo sanapukute magaziwo. Analankhula motsitsa, ndipo kutsitsako kunandiopsa kuposa kukalipa.

"Mayi anga anayenda masiku asanu m'tchire ndi nsalu imene ija, ine ndili m'kati mwake. Wagulitsa kwa yani?"

"Kwa a Afisa," anatero. "Amayi ogulitsa zitenje mumsika wa Limbe."

"Pita. Usabwerenso pano popanda chofunda chimenecho. Ukabwera chimanjamanja, ine ndilibe mwana wamwamuna."

Steven anathamangira kumsewu. Amayi anamanga bala la bambo, kenaka anavala chitenje. "Atikonda, siya mwana kwa aneba, tiye. Uyu m'thumba alibe kanthu, achita zopusa. Tikawapemphe tokha amayiwo."

Amayi ananena zoona. Tinamva pambuyo pake kuti Steven anayamba wapita kwa Kingstone kukapempha thandizo. Kingstone anamuseka pamaso pa anzake. "Ndalama za dzulo zinapita ndi mkodzo, mfana. Ngati n'chanu, kangotenga. Munthu saba chake." Ndipo Steven anakhulupirira. M'mutu mwake chofunda chinali chikadali cha kwathu, cha agogo ake, chokhala ndi kansalu ka ubatizo wake. Anaiwala kuti msika sudziwa agogo a munthu.

Anafika pa benchi la a Afisa, anaona chofunda chitapachikidwa pamwamba pa zitenje, anachitsomphola n'kuliyatsa liwiro.

Ife tinkatsika minibasi pamene tinamva mfuu.

"Wakuba! Wakubayo! Gwirani!"

Anthu a pa Limbe sachita kuitanidwa kawiri. Mavenda anasiya malonda, oitanira anasiya minibasi, ngakhale amayi ogulitsa tomato anatola miyala. Tinaona chigulu chitaunjikana pafupi ndi ngalande, fumbi lili koboo. Amayi anandigwira dzanja. "Mayo ine, ndi wanga ameneyo."

Tinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Anali Steven. Nkhope sinkadziwika. Wina ankamuponda m'nthiti ndi jombo, wina ankamumenya ndi thabwa la misomali. Iye ankangoti, "N'chathu! N'cha agogo anga!" koma ndani akanamva? Mano awiri anali pansi. Chofunda chinali chitagwera poteropo, anthu akuchipondaponda.

"Mwana wanga! Musiyeni, ndi mwana wanga!" Amayi anadziponya pakati, koma bambo wina anawakankhira kumbali.

"Mayi, munalephera kulera. Lero tikulererani ife!"

A Afisa nawo anafika akupuma wefuwefu, mpango uli m'manja. "Musamuphe! Katundu wanga uyo ali apoyo, ndamupeza! Musamuphe, chonde!" Palibe anawamvera. Anthu amene sanaberedwe kanthu ndi amene anali ndi ukali woposa.

Kenaka ndinamva mawu amene mpaka lero amandidzidzimutsa. "Bweretsani teyala!"

Analikoleka m'khosi mwake. Mnyamata wina wa njinga yamoto anabwera ndi petulo m'botolo n'kumuthira kumsana. Ndinakweza maso kufuna wotithandiza, ndipo ndinaona Kingstone ataima pamwamba pa ngolo, akujambula ndi foni. Machesi anakhwatchidwa.

Moto unati lawi! Anthu anabwerera m'mbuyo. Kukuwa kwa Steven sikunali kwa munthu. Anadzigubuduza, teyala n'kuvuka, koma malaya ndi msana zinali zikuyaka.

Amayi sanaganize kawiri. Anatola chofunda cha agogo, anamuphimba nacho, n'kumugwera pamwamba ndi thupi lawo lonse. Ankaphapha ndi manja ali kukuwa, "Yesu! Maria! Yesu!" Ine ndinkakokolola dothi la m'ngalande n'kumathira. Utsi unatuluka wakuda, wonunkha petulo ndi nyama. Ndinaona chitenje cha pakati chija chikunyeka, chikupindika, mpaka kubooka.

Moto unazima. Apolisi anafika n'kubalalitsa anthu ndi utsi wokhetsa misozi. Pomunyamula Steven, zigamba zina zinali zitamatirira pamsana pake, ndipo ku chipatala anachita kuzichotsa ndi zopanira. Zotsalazo zinali makala okhaokha. Ndinayesa kutola, zinkangofumbutuka m'manja.

M'mawa mwake Maziko anabatizidwa atakulungidwa m'shawelo yobwereka. Bambo anaima kumbuyo kwa tchalitchi ndi bandeji pamphumi, misozi ikungotsika. Ndinali ndisanawaonepo akulira chiyambire, ngakhale pamaliro a agogo.

Steven anakhala m'chipatala miyezi inayi. Dzanja lake lamanja linakwinyika, zala sizitambasuka, ndipo khutu limodzi linatsala kachidutswa. Manja a amayi nawo anapsa, moti ntchito ya ku Namiwawa inatha. Kingstone sanabwere ngakhale tsiku limodzi. Kanema wake ndiye anazungulira m'mafoni a anthu Blantyre yense.

Sabata yachitatu, atayamba kulankhula, Steven anaitanitsa wansembe n'kulapa. Wansembe atachoka, Steven anatembenuzira nkhope kwa amayi.

"Amayi, chofunda chija munachitenga?"

Amayi anayang'ana manja awo omangidwa. "Chinapsa."

"Chonse?"

"Chonse. Panali iwe ndi icho, ndipo sindikanapulumutsa zonse ziwiri."

Analira mpaka anamwino anabwera kudzamugwira. Bambo anamulola kubwerera kunyumba, koma kufikira lero sanatchulepo dzina la agogo pamaso pake.

Inu anyamata ndi atsikana amene mukuwerenga izi, ndimvereni ine amene ndinanunkhiza utsiwo. Mowa suyamba ndi teyala. Umayamba ndi kapu imodzi ya mnzako wokusekerera, kenaka wailesi ya kwanu, kenaka dzanja lako pa bambo ako. Amene akukuuza kuti kuba za m'nyumba si kuba, ameneyo ndi mdani wako, ndipo tsiku la tsoka adzaima patali. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Lemekeza atate ako ndi amako, ndipo usabe, pakuti Mulungu amakhululuka koma moto subweza chimene wadya.

Mlongo wanga ndinamukhululukira, ndipo ndimamuthandiza kumanga mabatani a malaya m'mawa uliwonse. Koma sindinama, mtima umandiwawabe. Agogo anapulumutsa nsalu ija ku nkhondo ya mfuti, ife tinaitentha tokha pa Limbe dzuwa likuswa mtengo.